Zimene zimachitika m'nyumba za okalamba ku England

Mu February 2022 boma la Britain linatsegula khomo loti anthu ochokera kunja azikagwira ntchito yosamalira okalamba. Kuyambira pamenepo mabanja ambiri a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ali ndi m'bale amene mukamufunsa za ntchito amangoti "ndili mu care". Khomolo linatsekedwa mu July 2025 kwa ofunsira atsopano ali kunja, koma amene analowa alipobe ndipo akugwira mashifiti a maola 12, usana kapena usiku. Kumudzi ambiri amaganiza kuti ntchitoyo ndi kusambitsa ndi kusintha matewera basi. Zimenezo zilipodi. Koma chimene chimasiyanitsa nyumba yabwino ndi yoipa ndi tinthu tosaoneka msanga: kapu ya madzi imene yakhala osamwedwa kuyambira m'mawa, silipasi yokula, chidendene chimene chagona pa matiresi maola asanu, piritsi limene laphwanyidwa pomwe silimayenera kuphwanyidwa. Munthu wa zaka 88 sachedwa kugwetsedwa ndi tinthu totere.

Mawu oti nyumba ya okalamba akubisa zinthu zinayi zosiyana. Yoyamba ndi sheltered housing: agogo ali ndi fulati yawoyawo, amatseka chitseko chawo, amadziphikira, kungoti pamalopo pali woyang'anira masana ndiponso chingwe chofiira kubafa ndi kuchipinda, chomwe akachikoka chimaliza belu kwa anthu oyankha usana ndi usiku. Chingwechi chiyenera kulendewera mpaka pafupi ndi pansi, chifukwa wochifuna kwambiri ndi amene wagwa kale. Vuto lodziwika ndi loti wokolopa amachimangirira m'mwamba kuti chisamusokoneze, ndiye n'kuiwala kuchimasula. Yachiwiri ndi extra care, yofanana ndi yoyambayo koma osamalira amakhala pamalopo nthawi zonse, ndipo pamakhala malo odyera. Yachitatu ndi residential care home, kumene munthu amangokhala ndi chipinda, chakudya n'chophikiridwa, osamalira alipo koma namwino palibe. Akafunika amachita kubwera kuchokera ku NHS, bungwe la zipatala za boma. Yachinayi ndi nursing home, kumene namwino amakhalapo maola onse.

Mudzi wa okalamba umaphatikiza zingapo mwa izi pamalo amodzi. Whiteley Village ku Surrey ndi umodzi mwa midzi yakale kwambiri. William Whiteley, mwini sitolo yaikulu ku London, atamwalira mu 1907 anasiya £1 miliyoni yomangira okalamba osauka mudzi, ndipo anthu anayamba kukhalamo mu 1917. Lero uli ndi tinyumba toposa 250 ndi mafulati a extra care. Ubwino wake ndi woti munthu akafooka amangosamukira mbali ina ya mudzi womwewo, anzake ocheza nawo n'kukhala omwewo.

Nkhani ya ndalama

Chipatala ku Britain n'chaulere, koma chisamaliro cha okalamba si chaulere, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri amadzidzimuka. Ku England, munthu amene chuma chake chikuposa £23,250 amadzilipirira yekha zonse. Chikakhala pakati pa £14,250 ndi £23,250, khonsolo imathandiza, koma iye amawonjezera £1 pa sabata pa £250 iliyonse ya pakatipo. Chikatsika pansi pa £14,250 sachiwerengeranso, komabe penshoni yake yambiri imapita ku malipiro, n'kumutsalira pafupifupi £30 pa sabata yogulira sopo, nyuzipepala ndi kumetetsa. Malire amenewa sanasinthe kuyambira 2010, pomwe mitengo yakwera moti kulipira zoposa £1,000 pa sabata si zachilendo. Nyumba ya munthuyo imawerengedwa ngati chuma akasamukiratu ku care home, kupatula nthawi zina, monga ngati mwamuna kapena mkazi wake akukhalamobe. Boma linalonjeza kuti palibe adzalipire zoposa £86,000 pa moyo wake wonse, koma lonjezolo linathetsedwa mu July 2024 lisanayambe n'komwe. Ku Scotland malamulo ndi ena.

M'midzi imene anthu amagula fulati muli msampha winanso. Kuwonjezera pa ndalama ya mwezi ndi mwezi yosamalira malo, ambiri amadula gawo la mtengo wa fulatiyo tsiku limene idzagulitsidwe. Zimenezi zimakhala zitalembedwa m'pangano, koma ana amadzazidziwa makolo atamwalira.

M'mawa, ndi chiyeso chothandiza mopitirira

Shifiti imayamba ndi handover. Ogwira ntchito usiku amauza olowa m'mawa za munthu aliyense: wagona bwanji, wadzuka kangati, wamwa zochuluka bwanji, wapita kuchimbudzi liti. Wokhalamo aliyense ali ndi care plan yofotokoza zimene amatha yekha, zimene amafuna thandizo, nthawi imene amakonda kudzuka, dzina limene amafuna kuitanidwa nalo, ngakhale kuti tiyi amamwa wa shuga angati. Bungwe loyendera nyumbazi, la Care Quality Commission (CQC), likabwera limayang'ana zolembazi, ndipo chimene sichinalembedwe amachitenga ngati sichinachitike.

Posambitsa pali manambala osayenera kuiwala. Madzi otentha amasungidwa pa madigiri 60 kuti tizilombo ta Legionella tife, koma pampopi wa bafa losambira chogona asapitirire 44, ndipo a shawa asapitirire 41. Khungu la wokalamba n'lopyapyala, komanso wodwala shuga kapena sitiroko mwina sangamve kuti akupsa. N'chifukwa chake madzi amayezedwa ndi thermometer, osati chigongono.

Cholakwa chimene osamalira amtima wabwino amachita kwambiri ndi kuchitira munthu zonse. Ife tinaleredwa kuti agogo akafuna chinthu mwana athamange, ndipo kuimirira n'kumaonerera agogo akulimbana ndi batani la malaya kumaoneka ngati mwano. Nthawinso imakhala yochepa: kuwamanga mabatani n'kwa sekondi 30, kuwadikira n'kwa mphindi zisanu. Koma zala zimene zasiya kumanga mabatani sizichedwa kulephera kugwira supuni. Miyendo imene yazolowera chikuku chifukwa choti kuchipinda chodyera n'kutali, pakangotha masabata ochepa siyithanso kunyamula mwini wake. Wosamalira wodziwa ntchito amapereka kansalu kuti agogo asambe okha kumaso ndi pachifuwa, iye n'kutenga msana ndi miyendo. Amawasonyeza malaya awiri kuti asankhe. Amayenda pambali pawo, chikuku chikutsatira kumbuyo kuti akatopa akhalepo.

Kugwa

Mwa anthu opitirira zaka 65, mmodzi mwa atatu amagwa kamodzi kapena kuposa pa chaka. Mwa opitirira zaka 80 ndi theka. Choopsa kwambiri ndi kuthyoka fupa la m'chiuno. Bungwe la NICE, lomwe limalemba malangizo a zachipatala ku England, limati mwa othyoka fupali pafupifupi mmodzi mwa atatu amamwalira chaka chisanathe. Si fupalo limene limapha, koma zotsatira zake: kugona nthawi yaitali, chibayo, zilonda, magazi kuundana m'miyendo.

Kugwa kawirikawiri kumakhala ndi zifukwa zingapo nthawi imodzi. Choyamba ndi BP kutsika munthu akaimirira. Kuti muidziwe, muyeze BP agogo atagona mphindi zisanu, kenako muyezenso ataimirira, mkati mwa mphindi zitatu. Nambala yam'mwamba ikatsika ndi 20 kapena kuposa, kapena yam'munsi ndi 10, vuto lilipo ndipo dokotala adziwe. Pakadali pano agogo azidzuka pang'onopang'ono: akhale kaye tsonga m'mphepete mwa bedi, apondeponde pansi kangapo, kenako aimirire. Chachiwiri ndi mankhwala. Ogonetsa monga zopiclone ndi diazepam, a amitriptyline, otsitsa BP, ndi okodzetsa monga furosemide, onsewa amabweretsa chizungulire kapena kuthamangira kuchimbudzi. Chachitatu ndi zovala kumapazi. Silipasi yopanda chidendene, kapena imene inagulidwa yokula chifukwa mapazi amatupa madzulo, yagwetsa anthu ambiri. Enanso ndi magalasi akuda kapena akale, kapeti yopindika, ndi frame yoyendera imene wina waisiya kutali ndi bedi pokonza m'chipinda.

Ambiri amagwa usiku akupita kuchimbudzi. Sakufuna kuvutitsa ana a eni, sakulizanso belu, ndiye amangodzuka mumdima. Chothandiza ndi kagetsi kosazima m'njira ya kuchimbudzi, kuwaperekeza asanagone, ndi mkeka wapansi umene umaliza belu akangoupondapo. Zitsulo za m'mbali mwa bedi anthu amaziona ngati chitetezo, koma kwa munthu wosokonezeka mutu n'zoopsa. Amakwera pamwamba pake n'kugwa kuchokera patali, kapena khosi limapanikizika pakati pa chitsulo ndi matiresi. Kwa munthu wotere bedi lotsika mpaka pafupi ndi pansi, ndi matiresi ena pambali, n'zabwinopo.

Agogo akagwa, mtima umafuna kuwadzutsa nthawi yomweyo. Musatero. Gwadani pambali, afunseni pamene pakupweteka, yang'anani miyendo. Mwendo umodzi ukaoneka waufupi, phazi litatembenukira kunja, chiuno chathyoka: afunditseni, musawasunthe, imbani 999 kuitana ambulansi. Akamenyetsa mutu ndipo amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin kapena apixaban, apite kuchipatala ngakhale akuseka n'kumati ali bwino, chifukwa magazi amatha kutuluka m'kati mwa mutu pang'onopang'ono, zizindikiro n'kudzaoneka mawa lake. Ngati palibe anaona mmene agwera, muzitenga ngati amenyetsa mutu. Akakhala kuti sanavulale koma sangadzuke okha, anyamulidwe ndi makina onyamulira otchedwa hoist, anthu awiri, ndi nsalu yonyamulira ya saizi yawo. Makinawa ndi nsalu zake amayenera kuyenderedwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Kukoka munthu m'khwapa kunaletsedwa kalekale chifukwa kumagulula phewa la wokalamba, kumathyolanso msana wa wosamalira.

Mankhwala enieni a kugwa ndi kulimbitsa miyendo. Malangizo a boma amati okalamba azichita masewera olimbitsa minofu ndi kuima bwino masiku awiri pa sabata. Sizifuna zida. Kuimirira pampando n'kukhalanso kakhumi, kunyanyamphira atagwira tebulo, kuyenda chammbali m'khonde, ndi zokwanira kuyamba nazo. Amene anagwapo kamodzi amachita mantha n'kusiya kuyenda, ndipo kusayendako kumafooketsa miyendo n'kuwagwetsanso.

Madzi, chakudya ndi kumeza

Munthu akamakalamba ludzu limachepa. Thupi likhoza kuuma iye osamva chilichonse. Ena amadziletsa dala kumwa poopa kudzikodzera. Mulingo wake ndi makapu 6 mpaka 8 pa tsiku, kapena malita 1.6 kwa amayi ndi 2 kwa abambo, pokhapokha dokotala ataletsa chifukwa cha mtima kapena impso. Tiyi, mkaka ndi supu zimawerengedwa. Jagi yodzaza pambali pa bedi siithandiza ngati dzanja silingainyamule, ndipo tchati cholemba madzi chimanama ngati wolembayo akulemba zimene wathira m'kapu m'malo mwa zimene zamwedwa. Mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, lilime louma, kugonagona ndi kudzimbidwa ndi zizindikiro za kuuma kwa thupi. Kudzimbidwa musakupepuse. Masiku atatu osapita kuchimbudzi ayenera kunenedwa, ndipo chimbudzi chamadzi mwa munthu amene wakhala wodzimbidwa chikhoza kukhala chongodutsa m'mbali mwa chouma chimene chatsekereza. Kumupatsa mankhwala oletsa kutsegula m'mimba ndiye kuwonjezera vuto.

Aliyense amayezedwa pasikelo mwezi uliwonse. Kutsika ndi 5 mpaka 10 peresenti m'miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi ndi chenjezo, kupitirira 10 peresenti ndi ngozi. Wokalamba woonda safunika mbale yodzaza, imangomugwetsa ulesi. Amafunika chakudya chochepa chonenepetsa, pafupipafupi. Njira yodziwika ndi kuthira masupuni aakulu anayi a mkaka waufa mu mamililita 568 a mkaka wokhala ndi mafuta ake onse, n'kugwiritsa ntchito mkaka umenewo pa phala ndi tiyi tsiku lonse. Musanafike kumeneko, tsegulani kamwa muone. Mano oikirira amene akhwepa chifukwa nkhama zachepa, kapena zilonda zoyera palilime, n'zokwanira kumusiyitsa munthu kudya.

Vuto la kumeza limakonda anthu a sitiroko, a Parkinson's (matenda onjenjemeretsa thupi) ndi a dementia (matenda a ubongo oiwalitsa) yopita patali. Kummero kuli njira ziwiri zoyandikana, ya kumimba ndi ya kumapapo. Minofu ikafooka, madzi amathamanga kuposa kachivindikiro kotseka njira ya kumapapo. Mukaona agogo akutsokomola pakudya, mawu akumveka ngati ali ndi madzi kukhosi, maso akulengeza misozi, chakudya chikutsalira m'masaya, kapena chibayo chikubwerabwera, aitanidwe katswiri wa zolankhula ndi kumeza. Ena satsokomola n'komwe, chakudya chimangolowa m'mapapo mwakachetechete.

Katswiriyo amasankha mlingo potsatira ndondomeko ya kukhuthala kwa zakumwa ndi kufewa kwa zakudya yotchedwa IDDSI, yomwe imayambira pa 0 kufika pa 7. Zakumwa zili pa 0 mpaka 4, kuyambira madzi wamba mpaka okhuthala oti supuni n'kuima. Zakudya zili pa 3 mpaka 7. Mlingo 4 ndi chakudya chopotedwa chosalala, chopanda mibulu. Mlingo 5 ndi chonyenyedwa chonyowa, tizidutswa tosaposa mamilimita 4, oti tingadutse pakati pa mano a foloko. Mlingo 6 ndi chofewa chodulidwa osaposa sentimita imodzi ndi theka. Buledi wamba ndi woopsa kwa ambiri a iwo, ndipo achibale obwera ndi masiwiti, mphesa kapena mtedza m'chikwama ayenera kuuzidwa mosapita m'mbali. Podya, agogo akhale tsonga, chibwano chisaloze m'mwamba, wodyetsa akhale pansi moyang'anizana nawo osati kuimirira, supuni ikhale yaing'ono, ndipo yachiwiri idikire yoyamba itamezedwa. Akatha akhalebe tsonga mphindi 30. Wosinza sadyetsedwa.

Ufa wokhuthalitsa madzi uli ndi misampha iwiri. Chitini chake chisasiyidwe poti munthu wosokonezeka angachifikire: mu 2015 NHS inatulutsa chenjezo munthu atamwalira chifukwa chodya ufawo wouma, womwe unaundana kukhosi. Komanso ufa wopangidwa ndi sitachi ukasakanizidwa ndi mankhwala a kudzimbidwa a macrogol, madziwo amasungunukanso n'kukhala opyapyala, munthu n'kumwa chinthu chomwecho chimene amatetezedwa nacho.

Khungu

Chilonda cha pabedi chimayamba pamene fupa lapanikiza mnofu pa matiresi kapena pampando mpaka magazi kusiya kufika. Malo ake ndi odziwika: pafupa la kumunsi kwa msana, zidendene, m'mbali mwa chiuno, akakolo, zigongono, kunkhongo, ngakhale kuseri kwa khutu kumene kumadutsa chubu cha oxygen. Chimatha kuyamba m'maola ochepa, koma kupola kwake ndi miyezi. Zilondazi zili ndi magawo anayi, kuyambira khungu losintha mtundu koma losang'ambika mpaka dzenje loonekera fupa.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Dinani pamalo pofiirapo ndi chala masekondi atatu n'kuchotsa. Pakayera kenako n'kufiiranso, magazi akuyenda. Pakakhalabe psuu, chilonda chayamba. Koma njira imeneyi inapangidwira khungu loyera, ndipo pakhungu lakuda kufiira sikuoneka. Pamenepo muyang'ane malo amene ada kuposa pozungulira kapena aoneka ngati pepo, ndipo mukhudze: pakatentha kapena kuzizira mosiyana, pakalimba kapena kufewa ngati siponji, kapena agogo akati pakupweteka, muchitepo kanthu. Okalamba akuda ambiri chilonda chawo chimadziwika chitaphulika kale chifukwa woyang'anayo amafunafuna kufiira.

NICE imati amene ali pachiopsezo atembenuzidwe osapitirira maola asanu ndi limodzi, ndipo amene chiopsezo chake n'chachikulu osapitirira maola anayi. Nyumba zambiri zimachita maola awiri kwa odwalitsitsa. Sagonekedwa chammbali kwenikweni chifukwa thupi lonse limatsamira pafupa la chiuno. Amapendeketsedwa pang'ono, madigiri 30, pilo kumsana, wina pakati pa mawondo, wina pansi pa akatumba kuti zidendene zilendewere. Pokwezera munthu kumutu kwa bedi agwiritse ntchito nsalu zoterera, chifukwa kumukoka kumang'amba mnofu wam'kati khungu likuoneka labwino. Malo ofiira sasisitidwa. Matiresi a mpweya amafunika kuwatchera molingana ndi kulemera kwa munthu, ndipo kawirikawiri amapezeka atazima chifukwa wina anazula pulagi kuti atchaje foni. Mafuta odzola pakhungu louma akalowerera m'zovala ndi m'zofunda amayaka msanga, choncho kwa agogo osuta fodya ndi nkhani ya moto.

Mankhwala

Wokhalamo mmodzi kumwa mitundu isanu ndi iwiri kapena kuposa si zodabwitsa. Mlingo uliwonse umasainidwa pa tchati cha mankhwala chotchedwa MAR agogo atameza, osati asanameze. Mankhwala amphamvu monga morphine amakhala m'kabati yakeyake yokhoma, ndipo amawerengedwa ndi kusainidwa ndi anthu awiri. Furiji ya mankhwala ikhale pakati pa madigiri 2 ndi 8. Mankhwala a Parkinson's ali ndi ola lake, ndipo kuchedwa ndi theka la ola kungamuumitse munthu thupi moti sangayende kapena kumeza. A mafupa a alendronate amamwedwa kamodzi pa sabata, m'mimba mulibe kanthu, ndi kapu yodzaza ya madzi, munthu n'kukhala tsonga mphindi 30, apo ayi amawotcha kummero. Piritsi lopangidwa kuti lizisungunuka pang'onopang'ono likaphwanyidwa, mlingo wa tsiku lonse umalowa m'thupi nthawi imodzi. Chigamba cha mankhwala opha ululu chikamatidwa chatsopano, chakale chichotsedwe kaye.

Agogo akakana mankhwala, ndi ufulu wawo. Lamulo la Mental Capacity Act la 2005 limati munthu azitengedwa kuti amatha kudzisankhira mpaka zitatsimikizika kuti sangathe, ndipo kusankha zopanda nzeru si umboni woti mutu sukugwira. Kubisa piritsi mu phala kumaloledwa pokhapokha munthuyo atayezedwa n'kupezeka kuti sangamvetse nkhaniyo, ndipo dokotala, wa mankhwala ndi achibale atagwirizana n'kulemba.

Dementia, ndi china chofanana nayo

Pafupifupi anthu 7 mwa 10 m'ma care home ali ndi dementia kapena vuto lalikulu la kuiwala. Ndi matenda a ubongo, ndipo Alzheimer's ndiwo mtundu wofala. Zimene munthu waphunzira posachedwa ndi zimene zimayamba kufufutika, zakale n'kutsala. N'chifukwa chake mayi wa zaka 90 dzuwa likamapendeka amavala jasi n'kuima pachitseko, akuti akukatenga ana kusukulu. Kumuuza kuti ana ake ndi azigogo tsopano, kapena kuti amuna ake anamwalira, ndi kumuikitsa maliro kachiwiri, ndipo pakatha mphindi khumi afunsanso. Chimene chimagwira ntchito ndi kuyankha nkhawayo: kumufunsa za anawo, kuyenda naye m'khonde, kumupatsa matawulo oti apinde. Chinenero chophunzira ukulu chimathanso kutayika, moti gogo wa ku Dedza amene wakhala ku Leicester zaka 40 akhoza kubwerera ku Chichewa chokhachokha, osamalira n'kulemba kuti akubwebweta. Kwathu munthu wodwala chonchi akapezeka usiku kutali ndi kwawo ali wosavala, anthu amathamangira kunena kuti wagwa pa ndege ya ufiti. Matenda ndi omwewa.

Maso amaonanso mosiyana. Mkeka wakuda pakhomo umaoneka ngati dzenje, pansi ponyezimira ngati madzi, nsomba yoyera pambale yoyera siioneka. Mbale yamtundu ndi chokhalira cha chimbudzi chamtundu wosiyana ndi pansi zimathetsa mavuto amene wina akanawafunira mankhwala. Agogo akamamenya posamba, funso loyamba likhale loti pakuwapweteka pati, kapena akuzizidwa, kapena akuchita manyazi kuvulidwa ndi mwamuna wachilendo. Mankhwala oziziritsa mutu monga risperidone amawonjezera chiopsezo cha sitiroko mwa odwalawa, ndipo chilolezo chake ndi cha masabata osaposa asanu ndi limodzi.

Chimene osamalira ayenera kuchidziwa bwino ndi kusiyana kwa dementia ndi delirium. Dementia imayenda mwa miyezi ndi zaka. Delirium imabwera mwa maola kapena masiku: dzulo agogo amacheza, lero sakudziwa kumene ali, akuona zinthu pakhoma, kapena angoti zii, kugona tsiku lonse. Yachete imeneyi ndi imene imaphonyedwa, chifukwa munthu wosavutitsa palibe amamudandaula. Delirium ndi chizindikiro choti m'thupi muli vuto lina: ululu, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, mkodzo wotsekeka, kudzimbidwa, kuuma kwa thupi, kapena mankhwala atsopano. Vutolo likapezeka msanga, nthawi zambiri munthu amabwerera mwakale. Chizolowezi choviika kapepala mumkodzo n'kuthamangira maantibayotiki chikuletsedwa kwa opitirira zaka 65, chifukwa ambiri ali ndi tizilombo m'chikhodzodzo tosawadwalitsa, ndipo kapepalako kamaonetsa matenda pomwe vuto lenileni lili kwina.

Chitseko chokhoma ndi nambala, kapena kuletsa munthu kutuluka yekha, ndi kumulanda ufulu ngakhale cholinga chili chabwino. Ngati iye sangathe kuvomereza, nyumbayo iyenera kupempha ku khonsolo chilolezo chochitira zimenezi mwalamulo, chotchedwa DoLS.

Mukapita kukaona

CQC imapereka magiredi anayi: Outstanding (yapamwamba kwambiri), Good (yabwino), Requires improvement (yofunika kukonza) ndi Inadequate (yosakwanira), ndipo malipoti ake ali pa intaneti. Onani tsiku la lipotilo, chifukwa lina limakhala la zaka zingapo zapitazo, manijala atasintha kawiri. Kapeti yatsopano ndi maluwa apakhomo sizinena zambiri. Pitani nthawi ya nkhomaliro osapangana. Mverani kuti belu likulira mphindi zingati lisanayankhidwe. Onani zikhadabo za okhalamo, magalasi awo, ngati makina othandiza kumva ali m'khutu kapena m'dirowa batire itatha. Onani ngati osamalira akulankhula ndi amene akumudyetsa kapena akucheza okhaokha pamutu pake. Pabalaza pamene anthu 15 andanda m'mbali mwa khoma, TV ikulira yokha, pakuuzani zambiri kuposa pepala la zochitika lopachikidwa pakhomo. Bingo si ya aliyense. Amene anali mlimi amafuna dothi m'manja, amene anali kalaliki amasangalala kusanja makalata. Funsaninso kuti usiku ogwira ntchito amakhala angati, ndiponso angati mwa iwo ndi a ejensi amene sadziwa okhalamo. Kuyambira mu April 2024, kulola alendo ndi limodzi mwa malamulo amene CQC imayendera, potsatira zowawa za nthawi ya Covid-19 pamene ambiri anamwalira osaona abale awo.

Ambiri olowa mu care home amamwalirira momwemo kapena kuchipatala chapafupi, choncho zofuna zawo zimafunsidwa akadali okhoza kuyankha. M'madera ambiri zimalembedwa pa fomu ya ReSPECT: akufuna kupita kuchipatala akadwalika kapena ayi, aitanidwe ndani, wansembe, m'busa kapena shehe. Chikalata cha DNACPR chimangonena kuti mtima ukaima asauyambitsenso. Sichiletsa maantibayotiki, chakudya kapena mankhwala a ululu, ngakhale ena amachimva molakwika chomwecho. Masiku omaliza munthu amasiya kudya ndi kumwa, ndipo kumukakamiza kumangomutsamwitsa. Chofunika ndi kunyowetsa m'kamwa ndi kamswachi kofewa pafupipafupi, kupaka milomo, ndi kukhala ndi mankhwala a ululu, a befu ndi a kusakhazikika atalembedwa kale kuti asachite kusakidwa pakati pa usiku Loweruka. Akamwalira, banja liwerengenso pangano limene linasainirana ndi nyumbayo. Bungwe loona za chilungamo pa malonda la Competition and Markets Authority linanena mu 2018 kuti nyumba isapitirize kulipiritsa chipinda kuposa masiku atatu munthu atamwalira, kapena masiku khumi ngati katundu wake sanachotsedwe.